Tikatsogola 4-0, odalirikawo ndiwatulutse mphindi iti?

Kochi wa ku Bangwe:
Akochi anzanga thandizeni, mutu wandiima. Loweruka tinali patsogolo 4-0 pofika mphindi 62. Sitiraika wanga anali atamwetsa ziwiri, ndikumukodola kuti atuluke iye kugwedeza mutu, akufuna hat-trick. Apampando a komiti nawo kuseri kwa benchi, msiyeni mwanayo tikufuna kusiyana kwa zigoli. Ndinamusiya. Mphindi 84 difenda wawo amene wakhala akupusitsidwa gemu yonse wamulowa ndi miyendo iwiri, refa kungotulutsa yachikasu. Lero kakolo watupa ngati dzungu, buti sikulowa, ndipo Lachitatu tili ndi ya chikho. Komiti yomweyo ikuti sindiganiza. Chonsecho mwezi watha ndinatulutsa atatu tili 3-0, tinamwa ziwiri kumapeto, anati ndikusewera ndi ntchito. Lamlungu tikukumana ndi timu ya kumchira kwa ligi, zikhoza kuchitikanso zomwezi. Inu mumatani? Mphindi iti, muyambire ndani?

Mdala wa ku Chibavi:
Gemu imatha refa akaliza wezulo yomaliza. Afunseni a Angola. Januwale 2010 ku Luanda, gemu yotsegulira AFCON, chikho cha mayiko a mu Africa, pakhomo pawo, akutsogola Mali 4-0 kutatsala mphindi khumi ndi imodzi. Seydou Keita mphindi 79, Kanouté 88, Keita kachiwiri ndi Yatabaré mu mphindi zowonjezera. 4-4. Anali mgulu limodzi ndi Flames, mawa lakelo ndi pamene tinathira Algeria 3-0. Ine timu ikuwina sindiigwedeza, basi.

Fizio wa ku Area 25:
Akochi a ku Bangwe, tiyambe ndi mwanayo. Akutha kuponda pansi masitepe anayi? Dinani pa fupa la kakolo chakumbuyo, mbali zonse ziwiri. Ngati akulumpha ndi ululu pa fupa penipeni, kapena sakuponda n'komwe, akajambulidwe, musadikire. Ndipo chonde asamuthowe ndi madzi otentha kapena kumutikita masiku oyambirira ano, kutupa kumawonjezeka. Madzi oundana mu kansalu mphindi 15 mpaka 20, bandeji, mwendo m'mwamba. Za Lachitatu muiwale. Musayerekeze kumubaya jakisoni wa ululu kuti asewere, mudzamutaya sizoni yonse.

Pa funso lanu, ine pa benchi sindiyang'ana zigoli, ndimayang'ana miyendo. Amene wayamba kugwira kumbuyo kwa ntchafu, amene akutsitsa sitokisi n'kumatambasula katumba mpira ukatuluka, amene akuchedwa kubwerera kona ikatha. Mnofu wotopa ndi umene umang'ambika, ndipo umang'ambika pa liwiro losafunikira, kuthamangira mpira umene ukutuluka kale.

Kochi wa ku Bangwe:
Akuponda koma motsimphina. Amayi ake anamuthowa kale Loweruka usiku, ndachedwa. Koma afizio mphindi iti?

Refa wopuma:
Musanafike pa mphindi, werengani mipata. Osewera asanu osintha aja amene IFAB, bungwe lopanga malamulo a mpira, idayamba kulola mu 2020 nthawi ya Covid, n'kuwakhazikitsa mu 2022, simuwalowetsa kasanu ayi. Mipata ndi itatu gemu ili mkati, ya pa hafu siwerengedwa. Komanso onani malamulo a mpikisano wanu, chifukwa ndi iwo amene amanena nambala, musatengere za pa TV. Ndaona kochi atatha mipata yonse mphindi 70, akumwetulira kuti wapumitsa anyamata, kenako goloboyi wagundana ndi munthu. Magolovesi anavala fulubaki wamfupi kwambiri m'timu, anamaliza ali khumi. Siyani mpata umodzi ndi munthu mmodzi mpaka chakumapeto. Wotuluka watuluka, sabwereranso, pokhapokha m'mipikisano ya ana kapena ya madala komwe malamulo amalola.

China. Kuyambira 2019 wotuluka amatulukira pa mzere umene ali nawo pafupi. Mukakhala koyenda, pa bwalo lopanda mpanda, mwana amene wawathira zitatu adzadutsa pamaso pa masapota awo. Muuzeni refa msanga, ali ndi mphamvu yomulola kutulukira pakati ngati pali chiopsezo.

Mdala wa ku Chibavi:
Mexico 1970. England ikutsogola West Germany 2-0, kenako 2-1, Alf Ramsey kutulutsa Bobby Charlton. Gemu inatha 3-2, England kunyumba. Kumusungira semifainolo imene sanaione n'komwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno akochi.

Kochi wa atsikana, Zomba:
Madala, 2-1 si 4-0, apo mwatinamiza. Ndipo Keita munamutchula uja gemu ya Angola anayambira pa benchi, ndiye benchi si manda. Timu ya kumchira imene akukumana nayo achimwenewa ilibe munthu wa Barcelona kapena wa Sevilla ngati momwe analili Keita ndi Kanouté.

Ine ndimachita chonchi, kaya ndi zolondola kaya. Sindikhudza msana wa timu nthawi imodzi. Goloboyi, ma senta baki awiri ndi nambala 6 amatsala. Woyamba kutuluka ndi amene ali ndi yachikasu kapena amene kadi ina imulepheretsa gemu yotsatira. Wachiwiri ndi wochenjeretsa uja, wokonda kudutsitsa mpira pakati pa miyendo ya anzake, chifukwa timu ikamamwa zinayi imasiya kusaka mpira, imasaka munthu. Chinakupwetekani mwezi watha mwina si kutulutsa atatu, koma kuti munatulutsa ati. Ngati munachotsa apakati awiri limodzi ndiye munatsegula msewu nokha.

Kochi wa ku Bangwe:
Eee, anali nambala 6, nambala 8 ndi winga. Nthawi imodzi.

Kochi wa atsikana, Zomba:
Ndiye mwadziyankha.

Timu manejala, Kasungu:
Inu mukukamba za bolodi, vuto lenileni ndi envulopu. Kwathu kuno komiti inaika kuti wogoletsa amalandira kenakake pa chigoli chilichonse, kuwonjezera pa gemu bonasi. Ndiye mumuuze mwana atuluke pamene difensi yawo yafa, akuona ndalama ya ufa ikuyenda pa bwalo? Chaka chatha wina ndinamutulutsira bolodi, anayang'ana kumwamba ngati nambala si yake. Refa kumuitana, iye kumanga chingwe cha buti. Atatuluka anavula jezi n'kuiponya pa ndowa ya madzi, sabata yonse osabwera ku tireningi, ati kunabwera munthu wa timu ya Super League kudzamuona ndipo ife tamutsekera mwayi. Munthuyo palibe anamuona. Mpaka tinakakambirana ndi amalume ake pakhonde, ngati mlandu wa banja.

Fizio wa ku Area 25:
Chenjezo lina, olowawo. Mwana wakhala pa benchi ola lathunthu, mwina pa njerwa, mphepo ya Juni ikumuwomba, inu mwangotembenuka, iwe vula bibu lowa. Mpira woyamba akufuna aonetse kuti ndi woyenera kuyamba, liwiro lonse, ntchafu phwa. Mwasunga mmodzi, mwathyola wina. Azitenthetsa thupi mphindi khumi zenizeni, osati kuima pa kona n'kumaonera gemu manja ali m'chiuno.

Mdala wa ku Chibavi:
Newcastle ndi Arsenal, 2011. Arsenal ikutsogola 4-0 pa hafu. Inatha bwanji? 4-4, Tioté wa Newcastle kumwetsa chomaliza. Ndikungonena.

Refa wopuma:
Ija Diaby anapatsidwa yofiira chigawo chachiwiri chitangoyamba madala, Arsenal inatsala khumi. Mwatipatsa chitsanzo chotsutsa mfundo yanu yomwe, wokwiya amafunika kutuluka asanatulutsidwe.

Mdala wa ku Chibavi:
Kaya. Ine ndaphunzitsa mpira musanabadwe ena a inu, nthawi imene osintha anali awiri okha, ndipo anthu ankamaliza 90 pa bwalo la miyala. Ana a lero mukuwalera ngati mazira. Wosewera amalimba ndi kusewera. Ndipo ligi ikadzatha mwafanana mapointi, wina n'kukwera chifukwa cha chigoli chimodzi, mudzandikumbuka. Palibe wa komiti adzanene kuti zikomo akochi munasunga kakolo.

Kochi wa ku Mchesi:
Apa madala ali ndi mfundo pang'ono, tisawaseke. Ine zinandichitikira, tinatsalira pa kusiyana kwa zigoli, ndipo usiku umenewo ndinkangowerenga ma gemu amene tinaphwetsa tili 3-0. Koma chigoli chachisanu sichifuna sitiraika woyamba. Mwana wa pa benchi ali ndi njala kuposa amene wakhuta kale ziwiri. Chofunika muwauze Lachisanu, onse ali pamodzi ndi apampando ali pomwepo, kuti tikafika zakuti pa mphindi zakuti, uje ndi uje akutuluka. Zokambirana pa mzere wezulo ikulira ndi zimene zimabala chipongwe. Komanso apampandowo akutani kuseri kwa benchi? Apezereni mpando kutsidya, pamthunzi, muwagulire fanta.

Timu manejala, Kasungu:
Kkkkk fanta yake agula ndi iwowo, ndalama zonse zili m'thumba mwawo. Kochi amene angawasamutse abwana ndi amene wapeza kale ntchito kwina.

Kochi wa ku Bangwe:
Kuwasamutsa sindingathe, minibasi ya timu ndi yawo. Ndiye tinene 65? Kapena ndidikire 70? Wina andipatse nambala chonde.

Mdala wa ku Chibavi:
Angola.

Timu manejala, Kasungu:
Tili pomwepa, alipo akudziwa kogula mabandeji a sitirapingi otchipirako ku Lilongwe? Amene tinagula ulendo watha akumatuka mwana akangotuluka thukuta.

Fizio wa ku Area 25:
Metani ubweya kaye ndipo khungu liume musanamate. Mukumata pa vaselini nanga agwira bwanji.