Netiweki ikumangoduka pa seva ya Ubuntu chikwezereni kernel

Chifundo: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pa ofesi ina ku Ginnery Corner ndinaika desktop yoti izisunga mafayilo a onse ogwira ntchito, ikuyendera Ubuntu 22.04. Pa kernel (mtima wa Ubuntu womwe umayendetsa zipangizo za makina) 5.15 inalibe vuto. Chikwezereni ku 6.8, anthu akangoyamba kukopera mafayilo akuluakulu netiweki ikumaduka. Timagetsi ta pa port tikuyakabe, koma ping siyankha. Nthawi zina imabwerera yokha, nthawi zina mpaka kuzimitsa makina ndi kuyatsanso. Anthu a maakaunti kumeneko ntchito yawaimira.

Madalitso: Achimwene, mwayamba mwaona chingwe? Nyengo ya mvula ino mphezi zikupsereza ma port a switch kwambiri, makamaka komwe zingwe zadutsa panja.

Chifundo: Chingwe ndasintha, port ndasinthanso. Ndikalumikiza laputopu pa chingwe chomwecho ikukopera bwinobwino.

Yamikani: Khadi ya netiweki imeneyo ndi ya kampani ya Realtek, sindikukayika. Ikani r8168-dkms, driver ya Realtek eni ake, nkhani yatha.

Tamanda: Dikirani kaye a Yamikani, tisanapereke mankhwala tidziwe matenda. A Chifundo, tiwonetseni zomwe lspci -nnk ikunena pa Ethernet, komanso ethtool -i pa khadiyo. Kenako muyambitse kukopera mpaka iduke, muthamangitse sudo dmesg -T, mutiuze mizere yomaliza. Pali zinthu ziwiri zomwe kunja zimaoneka zofanana. Mukaona “Link is Down” kenako “Link is Up”, khadi ndi switch zasiyana, ndiye tikayikira chingwe, switch kapena EEE, njira yosungira magetsi pa Ethernet. Mukaona kuti link ili chilili koma mapaketi sakutuluka, vuto lili pakati pa driver ndi khadi mkati mwa makinawo.

Chifundo: Nazi, achemwali. Khadi ndi RTL8111/8168, nambala yake 10ec:8168, driver ndi r8169, dzina la interface ndi enp2s0. Mu dmesg mulibe “Link is Down”. Muli “NETDEV WATCHDOG” ndi “transmit queue 0 timed out”.

Tamanda: Eya, tayandikira. Uthenga umenewo ukutanthauza kuti kernel inapereka mapaketi ku khadi, inadikira, khadi sinanene kuti yawatumiza, ndiye mlonda wa kernel anaona kuti mzerewo waima nkuuza driver kuti idzutsenso khadiyo. Ndi chifukwa chake nthawi zina ikumabwerera yokha. Musadabwenso kuona r8169 pa khadi ya 8168, driver imeneyo ya mu kernel imagwira ma chip ambiri a Realtek, imeneyo si cholakwika. Onaninso ngati mu dmesg muli dandaulo la firmware ya rtl_nic. Ngati mulibe, yatsaninso makina, pa GRUB, menyu yosankhira kernel makina akamayaka, mulowe mu Advanced options, musankhe 5.15 ngati ikadalipo, mukopere fayilo yomweyo.

Chifundo: Za firmware sikudandaula. Pa 5.15 fayilo yomweyo yadutsa yonse osaima.

Yamikani: Ndiye mwaonatu, ndi driver. Bwanji osangoika ya Realtek eni ake?

Tamanda: Ikhoza kugwira, sindikutsutsa, ndipo pa makina ena ndi yokhayo imathandiza. Koma pa seva ya kasitomala ine ndimaiika kumapeto. DKMS, pulogalamu yomwe r8168-dkms imadalira, imamanga module ya driver imeneyo nthawi iliyonse kernel ikasintha, imafuna linux-headers zogwirizana, ndipo ngati Secure Boot, chitetezo cha poyatsa makina, ndi yoyatsa, module yosasainidwa ikanidwa mpaka mulembetse kiyi ya MOK, yosainira module kuti makina aivomere, muli pamaso pa makinawo. A Chifundo amakhala ku Chirimba, sangamakwere minibasi kupita ku Ginnery Corner nthawi iliyonse module ikavuta. Ine ndikukayikira ASPM. Imeneyi ndi njira yosungira magetsi pa PCIe: njira ya pakati pa khadi ndi bolodi imagona ikakhala chete, nkudzuka mapaketi akafika. Ma chip ena a Realtek pa mabolodi ena sadzuka bwino kuchoka pa L1, gawo lina la tulo timeneti, ndipo mmene r8169 imachitira ndi ASPM zakhala zikusinthasintha pa ma kernel osiyanasiyana. Bwererani pa 6.8, muthamangitse sudo lspci -vv pa khadiyo, muwerenge mzere wa LnkCtl.

Chifundo: Palembedwa kuti ASPM L1 Enabled.

Madalitso: Ndiye muwonjezere pcie_aspm=off mu /etc/default/grub, kenako update-grub.

Tamanda: Pamenepo samalani, ambiri amakodwa. Mawu amenewo amauza kernel kuti isakhudze ASPM, ndiye ngati BIOS inayatsa kale L1, ikhalabe yoyaka ndipo mungaganize kuti ASPM si vuto. Yesani kaye osazimitsa makina: onani ngati pali fayilo ya /sys/class/net/enp2s0/device/link/l1_aspm, ngati ilipo lembamoni 0 muli root, muonenso LnkCtl ngati yasintha kukhala Disabled. Sinthani chimenechi chokha, EEE musaikhudze lero, kuti tidziwe chomwe chachiza.

Chifundo: Fayilo ilipo, ndalemba 0, LnkCtl ikuti ASPM Disabled. Ndauza anthu a maakaunti akopere backup yawo yonse ine ndikuyang'ana dmesg -w. Yadutsa, palibe mzere watsopano womwe watuluka. Zikomo kwambiri achemwali.

Tamanda: Chabwino, koma 0 ameneyo amafufutika makina akazima, ndipo magetsi akangothima nkubwera mubwerera pomwe munali. Lowani mu BIOS mufufuze ASPM pansi pa za PCIe kapena za power, muzimitsire komweko. Ngati BIOS yake ilibe pozimitsira, lembani ka service ka systemd koti kazilemba 0 ameneyo makina akamayaka. Kernel 5.15 musaichotse kaye.

Yamikani: Ikadzayambiranso ASPM ili yozima, mundiuze, ndikuthandizani kuika r8168 ndi kulembetsa kiyi.

Chifundo: Ndamva. BIOS ndikalowamo Loweruka ofesi ikatsekedwa, pano anthu ali pakati pa ntchito sindingawazimitsire.