Achule achuluka pabwalo ndi pa damu la nsomba, ndiwachotse bwanji osapha nsomba?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chiyambireni mvula mu Novembala achule adzadza pakhomo, kuno ku Lilongwe kufupi ndi dambo. Usiku amaunjikana pansi pa getsi la pakhonde, ena amapezeka m'bafa. Kuseri kuli damu la makumba la mamita 10 kwa 15, m'mphepete mwake mwada bii ndi mbululu. Galu wakhala akutuluka dovu akaluma chule. Ena akuti ndiwaze mchere, ena akuti ndipopere mankhwala a mbozi za chimanga. Chothandiza n'chiti?

Mphunzitsi wa sayansi, Zomba: Choyamba dziwani kuti muli ndi achule a mitundu ingapo, ndipo aliyense wabwera ndi chifukwa chake. Apansi pa getsi aja, a khungu louma la tiziphuphu, oyenda modumpha pang'onopang'ono, ndi achule a pamtunda. Iwowa akutsata chakudya: getsi likuitana ngumbi, agulugufe a usiku ndi tizikumbu, iwo n'kumangodikira pansi. Masana amabisala m'milu ya njerwa, pansi pa malata akutha, m'matayala, mu udzu wautali. Chilimwe chonse anali pomwepo, anangokwiririka m'nthaka, ndipo mvula yoyamba ndiyo yawadzutsa.

Yang'anani mazira m'damumo. Mukaona zingwe zazitali zoterera zokhala ndi timadontho takuda, zokulungika mu udzu, amenewo ndi a chule wa pamtunda yemweyo, ndipo wamkazi mmodzi amaikira oposa 10,000 nthawi imodzi. Mbululu zake ndi zazing'ono, zakuda, zoyenda chigulu m'madzi osaya, ndipo zimamera miyendo n'kutuluka pakatha masabata 5 kapena 6. Mukaona thovu loyera ngati la sopo litamatirira pa nthambi yolendewera pamwamba pa madzi, ndi chisa cha chule wotuwa wa mumtengo. Mbululu zimaswa m'thovumo n'kugwera m'madzi pakatha masiku ochepa. Finye, wofufuma uja, musamuwerengere, saikira m'madzi, mazira ake amakhala pansi pa nthaka.

Mlangizi wa ulimi wa nsomba: Mankhwala a mbozi iwalani, achimwene. Cypermethrin ndi anzake amapha nsomba ngakhale atalowa pang'ono chabe, ndipo mvula imodzi yokha ikokolola zomwe mwapopera pabwalo n'kukathira m'damu. Achule adzabwera ena kuchokera ku dambo, koma makumba anu mudzawatola atayandama.

M'damu mdani weniweni si mbululu zakudazo ayi. Izo zimangolimbirana madeya ndi nsomba, komanso zikachulukitsa zimachepetsa mpweya m'bandakucha. Woopsa ndi chule wophwatalala, woterera kwambiri, wa zikhadabo zakuda ku miyendo yakumbuyo, amene satuluka m'madzi kawirikawiri. Ameneyu amameza tiana ta nsomba tongoswa kumene, ndipo mlimi amangodabwa kuti makumba akuswana koma tiana sitikuoneka. Kokani khoka kamodzi m'mphepete, mudziwa ngati alimo.

Zochita ndi izi. M'mawa uliwonse zungulirani damu ndi kaukonde ka m'manja, vuulani zingwe za mazira zisanaswe, kataye pamtunda pouma. Ntchito ya mphindi 10 imeneyi imaposa china chilichonse, chifukwa mazira amaswa m'masiku ochepa ndipo zikasanduka mbululu zimabalalika. Mbululu zomwe zilipo kale muzizikokolola dzuwa likatentha, nthawi imene zimaunjikana m'madzi osaya. Tchetchani udzu wa m'mbali ukhale waufupi, koma osauzula, ndi umene ukugwira khoma la damu. Pa paipi yolowetsa madzi mangani sefa ya waya wa mawindo, muziitsuka tsiku ndi tsiku chifukwa ikatsekeka ndi zinyalala madzi amasefukira pambali n'kugumula khoma.

Ngati muli ndi kangachepe, zunguliritsani mpanda wa pepala la pulasitiki lakuda lokhuthala lija la omanga, kapena malata osalala, wotalika masentimita 50 mpaka 60, m'munsi mwake mutakwirira masentimita 15 m'nthaka. Ambiri amalakwitsa posakwirira. Achule amangodutsa pansi. Zikhomo zikhale mkati, mbali ya ku damu, kuti kunja kukhale kosalala. Tiana ta nsomba muzitilerera mu hapa, kakhola ka ukonde koimikidwa m'damu momwemo, mpaka titafika magalamu 5 kapena 10, pamenepo chule woterera uja sangatimeze.

Mukakolola, phwetsani damu lonse, liume mpaka matope ang'ambike, pafupifupi masabata awiri. M'malo otsalira chinyezi wazani laimu wa omanga, magalamu 100 mpaka 200 pa sikweya mita, mutavala magolovesi ndi chophimba kumaso chifukwa amaotcha. Laimu wa m'munda ndi wina, amakonza madzi koma sapha kanthu. Mukathira madzi dikirani masabata ena awiri musanaike mbewu ya nsomba.

Wina wa ku Salima: Bwanji osangoponyamo milamba idye mbululuzo?

Mlangizi wa ulimi wa nsomba: Mlamba susankha, udyanso tiana ta makumba, ndipo ukakula umatha ndi zazikulupo zomwe. Komanso mbululu zakuda zija zili ndi kaululu pakhungu, nsomba zambiri zimazilavula. Mlamba umathandiza m'damu lomwe makumba aswana mopitirira muyeso, osati lomwe mukufuna mbewu.

Dokotala wa ziweto: Za galuyo. Chule wa pamtunda ali ndi zotupa ziwiri kuseri kwa maso, zimene zimatulutsa madzi oyera ngati mkaka akafinyidwa. Ndi amene amawawa mkamwa mwa galu, n'chifukwa chake dovu, kupukusa mutu, kukanda kukamwa, nkhama kufiira. Tengani kansalu konyowa, pukutani lilime, nkhama ndi kumwamba kwa kamwa, tsukani kansaluko, bwerezani kwa mphindi 10 mpaka 15. Ngati mukuthira madzi, mutu wa galu uweramire pansi ndipo madzi adutse cham'mbali kutulukira kunja. Musalozetse paipi kukhosi, madzi akalowa m'mapapo mwabweretsa vuto loposa la chule. Mkaka, mafuta ophikira ndi kumusanzitsa sizithandiza. Agalu ambiri akuluakulu amakhala bwino pakapita ola limodzi kapena awiri. Koma kagalu kakang'ono, kapena galu amene wameza chule, akusanza mobwereza, akudzandira kapena kugwa khunyu, thamangani naye ku chipatala cha ziweto. Mbale yake ya madzi muziichotsa panja usiku, achule amakonda kukhalamo.

Mayi wa ku Ndirande: Pepani pofunsa, koma chule wolowa m'nyumba mpaka kuchipinda, si zotumizidwa zimenezo? Komanso amati ukamugwira umatuluka njerewere.

Mphunzitsi wa sayansi, Zomba: Mayi, yezani mpata wa pansi pa chitseko chanu. Ukalowa chala chachikulu, chule alowanso, makamaka ngati mkati muli simenti yozizira ndi mphemvu. Khomani kachidutswa ka labala ya tayala m'munsi mwa chitseko, muone ngati "wotumizayo" apitirize. Njerewere zimayamba ndi kachirombo kopatsirana pakati pa anthu, chule alibe nazo gawo. Chofunika n'kusamba m'manja ndi sopo mukamugwira, musanagwire m'maso kapena chakudya, chifukwa ululu uja umathetha m'maso ndipo achule amatha kunyamula tizirombo totsegula m'mimba. Ana auzeni zimenezi.

Pulambala, Mzuzu: A m'bafa ndi m'chimbudzi cha madzi amalowera malo atatu: pa kadzenje kolandira madzi a m'bafa panja ngati chivindikiro cha mabowo chinachoka, pa manhole (dzenje lovindikira loonera mapaipi a zonyansa) yosweka, ndi pa paipi yotulutsa mpweya yopita kudenga, kumene amakwera a mumtengo aja. Konseko ikani sefa, ya paipi ya mpweya muimange ndi waya, osaitseka ndi pulasitiki chifukwa fungo libwerera m'nyumba. Onaninso mpopi wa panja. Mpopi wodontha ndi ngalande yosayenda zimasunga achule ngakhale mu Okutobala.

Wa zaumoyo: Chule anadabwa m'madzi muli mwake, ife tikudabwa achule pamene madzi tawasungira tokha. Chondidetsa nkhawa ine si achulewo koma zithaphwi. Pomwe mbululu zikukhala, mphutsi za udzudzu zikukhalanso, ndipo udzudzu umatha kukhwima m'sabata imodzi kapena ziwiri kukatentha, mbululu zisanamere n'komwe miyendo. Musadalire kuti mbululu zidya mphutsizo, zambiri zimadya ndere. Kwirirani maenje oumbira njerwa, boolani kapena kuvundikira matayala, tsegulani ngalande, migolo ikhale yovindikira. Damu lokhala ndi nsomba ndiponso m'mbali mosadzadza udzu silivuta kwenikweni.

Ngati muli ndi chitsime, chimangireni khoma lofika m'mawondo ndi chivindikiro chokwana bwino. Mukapeza chule wakufa mkati, mchotseni, kapani madzi, itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adzathire klorini. Akumwa muziwiritsa, kapena kuthira kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard m'malita 20 n'kudikira mphindi 30.

Mphunzitsi wa sayansi, Zomba: Pali china chomwe sichinatchulidwe: njoka. Pali mitundu yomwe chakudya chake chachikulu ndi achule, kuphatikizapo yolavulira m'maso ija, ndipo imasaka usiku pomwe achule aunjikana. Ndiye mulu wa njerwa ndi nkhuni zichoke pafupi ndi khoma, ana asatuluke usiku opanda tochi ndi nsapato. Getsi la pakhonde lisunthireni pa mtengo kapena pa mpanda, mamita angapo kuchoka pakhomo, liziwalira cha kunyumba; tizirombo ndi achule zitsata komweko. Babu la kuwala kwachikasu limaitana tizirombo tochepa kusiyana ndi loyera mbuu.

Mchere ayi. Chule amamwa madzi kudzera pakhungu, mchere umamuotcha n'kufa pang'onopang'ono, kenako umatsalira m'nthaka n'kuwononga maluwa ndi ndiwo zamasamba. Otsalawo atoleni madzulo ndi ndowa, dzanja mutavala jumbo, kawatayeni ku dambo kapena ku dimba, kumene akadye chiswe, ziwala ndi nkhono zazing'ono.

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi kuvuula mazira ndi kusuntha getsi. Funso lotsala kwa alangizi: pepala la mpanda lija dzuwa silingaliphwanye msanga?

Mlangizi wa ulimi wa nsomba: Lopyapyala limang'ambika nyengo imodzi isanathe. Gulani lokhuthala, lipindeni pawiri, zikhomo zitalikirane mita imodzi, ndipo mukamakhoma misomali muziika kachidutswa ka labala pamutu pake kuti mphepo isalibowole. Mvula ikatha mu Epulo lichotseni, lisungeni mumthunzi mpaka Novembala.