Phokoso kutsogolo kwa Land Cruiser 79 ikalowa mu 4H

Wa ku Kapata: Akuluakulu, thandizeni nzeru. Land Cruiser 79 ya ma hub otsekera pamanja, imayenda kwambiri msewu wa Chadiza ndi wa Mfuwe. Ikakhala mu 4H (giya yokoka ndi matayala onse anayi) n'kukhota kwambiri, kutsogolo kumanja kumalira kuti kha-kha-kha. Ma hub akakhala pa LOCK pamabweranso kung'ung'udza liwiro likafika 60. Ndiyambire pati ndisanagule zitsulo?

Makanika wa ku Katete: Musagule kanthu kaye, akulu. Motoka imeneyi imakuuzani yokha mukaiyesa mwadongosolo pamsewu wafumbi wosalala. Yambani ndi ma hub pa FREE, giya mu 2H (yokoka ndi matayala akumbuyo okha). Pamenepo kutsogolo kumazungulira matayala ndi ma bearing ake basi, ndiye phokoso likamveka, vuto lili pa bearing kapena tayala. Kenako ikani LOCK koma mukhalebe mu 2H: matayala ayamba kuzungulitsa ma birfield (mfundo za shafti zolola tayala kukoka likukhota), ma shafti, difu ndi propshafti ya kutsogolo popanda mphamvu ya injini. Pomaliza lowani 4H, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto, muyende mozungulira pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Kha-kha-kha wotuluka pokhota pokha, mutaponda mafuta, ndi birfield nthawi zambiri.

Kung'ung'udzako n'kwina. Masulani propshafti ya kutsogolo, koma muyambe mwaika chizindikiro pa ma flange kuti idzabwerere momwe inalili. Yendani ma hub ali pa LOCK. Kukatha, ndi ma cross (mfundo zopingasa) a propshafti. Kukapitirira, yang'anani difu.

Wa pa Lundazi Road: Ndiwonjezere pa birfield, chifukwa ambiri amasintha chitsulo n'kusiya chimene chinachipha. Yang'anani mpira wachitsulo wa knuckle (nyumba ya birfield) kuseri kwa tayala. Ukakhala ndi girisi wouma pang'ono, palibe vuto. Koma mukaona phala lakuda lotsetsereka mpaka pa tayala, ndiye kuti silo ya m'kati mwa axle yatha. Oilo wa difu walowa mu knuckle n'kusungunula girisi, birfield n'kumayenda youma. Mukaika yatsopano osasintha siloyo, mvula ikubwerayi mudzamasulanso.

Gulani kiti yonse ya knuckle: ma silo, ma gasket, ma felt ndi ma bearing a kingpin. Mufunika soketi ya 54 mm ya ma nati a hub. Ma shim a kingpin musawasakanize, a pamwamba abwerere pamwamba, a pansi abwerere pansi. Mu birfield ndi mu knuckle mupake girisi wa moly, wakuda uja, osadzaza mpaka pakamwa. Pa ma bearing a tayala mupake girisi wa bearing, osati wa moly. Tsukani birfield yakaleyo ndi palafini muione bwino: khola losunga mipira likang'aluka kapena njira za mipira zikakumbika, itayeni. Ndipo chonde chitani mbali zonse ziwiri, yakumanzere yayenda matope omwewo.

Wa ku Kapata: Zikomo kwambiri, akulu. Phala lakudalo lilipodi kumanja. Nanga difu ndiione bwanji osaitsegula?

Dalaivala wa ku Mambwe: Khetsani oilo m'beseni loyera, koma muyambe mwamasula pulagi yothirira, kuopa kukhetsa kenako yothirirayo n'kukana. Oilo wooneka ngati tiyi wamkaka walowa madzi. Difu yotentha ikamira powoloka mtsinje imazizira mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera pa breather (kabowo kopumira difu) kapena pa ma silo. Pa maginito a pulagi yokhetsera, fumbi losalala la chitsulo si nkhani, koma tizidutswa togwirika ndi zala ndi mano a magiya kapena bearing. Gwedezaninso flange ya pinion (pomangira propshafti ku difu) ndi dzanja, isasewere m'mwamba ndi pansi. Thirani oilo wa giya wa GL-5 80W-90 mpaka atayikire pabowo lothirira, malita 3 akwana.

Chinanso, abambo, 79 ilibe difu yapakati. Mukasiya fumbi n'kukwera tala, chotsani 4H nthawi yomweyo, chifukwa pamsewu wouma matayala satsetsereka, zitsulo zimapotana, ndipo birfield ndiyo imavutika pokhota. Matayala onse anayi akhalenso a saizi imodzi ndi mpweya woyenera.