Amuna anga apezeka ndi hepatitis B kuno ku Korea: kodi tiwapatulire mbale?

NaPhiri, Daejeon:
Ndinakwatiwa ndi Mkoreya, ndipo mwezi wathawu poyezetsa magazi kuntchito amuna anga anapezeka ndi kachilombo ka hepatitis B koyambitsa matenda a chiwindi, kamene dokotala akuganiza kuti anakatengera kwa mayi awo pobadwa. Chiyambire tsikulo apongozi anga sakutiyang'ana kumaso, ndipo pa chakudya amuna anga amadzipakulira jjigae (ndiwo zamsuzi za ku Korea) m'kambale kawokawo m'malo mopisa supuni mumphika umodzi ndi tonsefe. Zikundiwawa mtima. Kodi kupatula mbale n'kofunikadi, nanga mwana amene ndikuyembekezera ali pangozi?

Mayi Chisomo:
Pepani achemwali. Kachilomboka sikafala kudzera m'chakudya, supuni kapena kapu, koma m'magazi, pogonana ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa khanda. Zoyenera kupatula ndi lumo, mswachi ndi chowengera zikhadabo. Inuyo mukayezetse msanga, ndipo ngati mulibe chitetezo m'thupi mubayitse katemera, amene amaperekedwa katatu. Kuyambira 1995 khanda lililonse m'dziko lino limalandira katemerayu, ndipo mayi akakhala ndi kachilombo, mwana amabayidwanso HBIG (mankhwala omupatsa chitetezo chamsanga ku kachilomboka) asanathe maola 12 chibadwire. Apongozi anuwo musawasiye ndi manyazi okha, chifukwa m'zaka za m'ma 1980 pafupifupi anthu 8 pa 100 alionse kuno anali nako, ambiri osadziwa. Nawonso akufunika kuunikidwa chiwindi.

Bambo a Junho:
Mlamu wanga wakhala nako zaka zambiri, ndipo chimene chinamuvuta kwambiri si mankhwala ayi, koma hoesik, phwando la anzake akuntchito kumene bwana akakuthirira mowa wa soju kukana kumaoneka ngati mwano. Iye anasankha kunena poyera kuti dokotala anamuletsa mowa chifukwa cha chiwindi, ndipo amalandira kapu ndi manja awiri n'kuiika pansi. Mayi, alimbikitseni amuna anu pamenepa, pakuti mowa umafulumizitsa kuuma kwa chiwindi ndi khansa. Si onse amene amayamba mankhwala nthawi yomweyo, koma akapatsidwa entecavir kapena tenofovir asadzasiye okha, chifukwa matendawa amatha kuyambiranso mwamphamvu. Akafika zaka 40, boma limawaunika chiwindi ndi makina komanso kuyeza AFP (chizindikiro cha khansa ya chiwindi) m'magazi miyezi 6 iliyonse.

NaPhiri, Daejeon:
Zikomo nonse. Mawa ndikupita kukayezetsa pamodzi ndi apongozi anga, ndipo kambale kaja ndakabwezera m'kabati.