Masampulo amakwera ku Blantyre, nanga ife a ku Chigwa tidzaphunzira liti kuwawerenga?

WaLabuNsanje:
Moni nonse. Ndimagwira ntchito mu labotale pachipatala china kuno ku Nsanje. Nthawi ya kolera mu 2022, madzi a namondwe Ana ndi Gombe asanaphwe bwino, tinkalandira odwala ena ochokera tsidya la Mozambique, obwera pa bwato kapena kudzera pa Marka. Ine ntchito yanga inali kutenga sampulo, kulemba nambala pa kabotolo, kuika m'bokosi la ayisi ndi kuthamangitsa dalaivala kuti akwere Thabwa dzuwa lisanakule. Amene amadziwa kutentha kwa kuno akumvetsa chifukwa chake.

Patapita nthawi ndinawerenga kuti akatswiri atayeza DNA ya kachilombo ka kolerako anapeza kuti ndi kapachibale ndi ka ku Asia. Ndinasangalala, koma zinandipwetekanso mtima. Nkhaniyo ndinaiona pa foni ngati wina aliyense, chonsecho manja anga agwira mabotolo otere osawerengeka. Funso langa ndi ili: ntchito yowerenga DNA pa kompyuta, imene akuti bioinformatics, munthu wa dipuloma ngati ine angaiyambire pati? Ndipo kodi pali njira yoti ife ndi anzathu a ku Mutarara tizionerana zotsatira, popeza odwala athu ndi amodzimodzi?

NyaChikwawa:
Achimwene, musadziderere. Ine kwathu ndi ku Ngabu, ndipo ndinayamba ndisakudziwa n'komwe kuti Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa bioinformatics, n'chiyani. Fufuzani za H3ABioNet, mgwirizano wa mayunivesite ndi malabotale a mu Africa umene unayamba mu 2012 motsogoleredwa ndi Pulofesa Nicola Mulder wa ku University of Cape Town. Mu 2016 anayambitsa maphunziro aulere a bioinformatics a oyamba kumene. Chimene ndinachikonda n'chakuti mphunzitsi amakhala kutali, koma inu mumasonkhana m'kalasi kwanu komweko, wina wodziwako pang'ono n'kumakuthandizani pamene mwakakamira. Tsiku lomwelo anzanu a m'maiko ena akulimbana ndi funso lomwelo.

Makina oyezera DNA si amene mukufunika poyamba. Deta yambiri ya DNA ili poyera pa intaneti ku NCBI, malo a ku America osungirako deta yotereyi, ndipo laputopu wamba imakwanira kuphunzirirapo. Vuto lenileni ndi bandulo ndi magetsi. Ine mafayilo akuluakulu ndinkatsitsa usiku, m'mawa n'kupeza atadukira panjira.

MkuluWaMalungo:
Ndionjezereko za malungo, popeza ndiwo atimaliza kuno kuposa kolera. Mu 1993 Malawi anali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Nthawi zonsezo tinkadziwa kuti mankhwala afooka ana atabwerera kale kuchipatala kachiwiri ndi kachitatu thupi likadali moto. Lero kusintha kwa jini yotchedwa kelch13, kumene kumachititsa kuti tizilombo ta malungo tichedwe kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemisinin, monga amene ali mu LA, kwapezeka kale ku Rwanda ndi ku Uganda. Dontho la magazi louma pa kapepala likhoza kutiuza ngati kwafika kuno. Koma ukayeza ku Chikwawa kokha, a ku Tete ndi ku Zambezia osayeza, kapena ayeza koma akusunga m'kabati, waona mbali imodzi ya mtsinje basi. Udzudzu wa ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi sufunsa chiphaso.

Kumbukiraninso poliyo. Mwana wa ku Lilongwe uja amene tinamva mu February 2022 kuti ali ndi poliyo, ndi kuyeza majini kumene kunaonetsa kuti kachilomboko n'kochokera ku Pakistan. Mu May chaka chomwecho kanapezeka ku Tete. Katemera anayenda maiko angapo nthawi imodzi chifukwa anthu anauzana msanga.

Chimwe_Bangula:
Bambo, zonsezo n'zoona, koma kugawana deta kuli ndi mtengo wake. Mu November 2021 asayansi a ku Botswana ndi South Africa anaulula mwachangu za Omicron, mtundu watsopano wa kachilombo ka COVID-19. Malipiro ake? Britain ndi America anatitsekera maulendo, Malawi ali momwemo. Ndiye boma likamazengereza kutulutsa deta musamadabwe.

China, ine ndimagwira ntchito ndi anthu m'midzi. Mukudziwa kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafika mpaka kuno. Mayi wa ku Makhanga akandifunsa kuti magazi a mwana wake akupita kuti ndipo adzawaona ndani, ndimafuna yankho loti ndinene m'Chisena iye n'kumvetsa. Ndikamuuza kuti apita kunja ndipo sitidzamvanso, mawa sabweranso ku sikelo. Mapangano otumizira masampulo kunja azinena poyera kuti zotsatira zibwerera ku boma limene anachokera, ndiponso kuti wa kuno mmodzi aphunzitsidwa.

WaLabuNsanje:
Takhuta nonse. Achemwali a ku Ngabu, laputopu ndili nayo ngakhale batire yake inafa, imagwira ili pa moto basi. Ndayankhula ndi anzanga awiri a mu labu ndi wina wa zaumoyo wa m'midzi, onse akufuna. Tikhoza kumakumana Loweruka masana, bandulo n'kumasonkherana.

A Chimwe, mawu anu andikumbutsa bambo wina wa tsidya lija amene anataya mkazi wake m'tenti ya kolera. Atabwera kudzatenga chikalata anandifunsa ngati matendawo anachokera kwawo kapena kwathu. Ndinangoti sindikudziwa, ndipo mpaka lero zimandivutitsa. Achemwali, nditumizireni ku inbox phunziro loyamba la Linux lija, ndipo mundiuze ngati ndingayambe osachotsa Windows, chifukwa malipoti a pamwezi ndimalembera momwemo.