Khola la mbewa zoyera lija

Mlembi: Abale, maikulosikopu, makina oonera tinthu tating'onoting'ono, amene anatumiza achimwene athu a ku Joni afika dzulo ku Ulongwe. Aphunzitsi akupempha tisonkhe ya kakhola ka mbewa zoyera pasukulu pathu.

Malume a ku Domue: Kumangira mbewa nyumba? Ana akakumbe kumunda tikakolola, n'zaulere. Kaye, ya mjigo ija ili kuti?

Aphunzitsi: Malume, si za ndiwo izi. Ndikufuna ana aone ndi maso awo ma mast cell, timaselo ta m'thupi timene wasayansi wa ku Germany Paul Ehrlich anafotokoza mu 1878. Udzudzu ukakulumani, kutupa ndi kuyabwa kuja ndi mankhwala otchedwa histamine ochokera mwa timeneti. Timayambira m'mafuta a m'mafupa, n'kukakhwimira pakhungu kapena m'matumbo. Mu mbewa ndi makoswe, ta pakhungu timakhala miyezi yambiri, ndipo tikakhuthula mankhwala ake sitifa, timadzazanso. Ta m'matumbo sitikhalitsa: njoka zam'mimba zikalowa timachuluka, zikatha timachepa pa masabata ochepa. Kuti mwana aone kusiyanaku, mbewa zisungidwe nthawi yaitali.

Malume a ku Domue: Ehee! Timaseloto timadzazanso, koma thumba la gulu lino chikhuthulireni silinadzazenso.

Msungichuma: Malume, risiti ndinaika muno kalekale.

Malume a ku Domue: Chithunzi cha chimbuuzi chija? Chala chanu chinaphimba pomwe pali nambala. Ine ndinagulitsa matumba awiri a mbatata, n'kutumiza pa M-Pesa usiku womwewo. Lero mkazi wanga akutungabe kudambo.

Mayi a ku Tsangano: Nanga pa holide azidyetsa ndani? Chimanga chichokera nkhokwe ya yani?

Aphunzitsi: Zimenezo tigawana, mayi. Chovuta ndi utoto wa toluidine blue, umene umachititsa timaseloti kuoneka tofiirira ngati biringanya. Popanda uwo ana angoona zoyera mbuu.

Malume a ku Domue: Mwamva? Khola lisanayambe, utoto wabwera kale. Mawa atiuza kuti mbewa zikufuna bulangeti chifukwa Angónia kumazizira.

Wa ku Joni: Ine ndinangopereka makina. Mukawakana, abwerere.

Mayi a ku Tsangano: Musatiopseze achimwene. Pamaliro a agogo simunabwere n'komwe.

Mlembi: Chonde, tibwerere ku nkhani. Ovomera khola alembe 1.

Malume a ku Domue: Risiti ina ijambulidwe masana, chala chichokepo.