Chikondi chilipo, pemphero lilipo, nanga mtendere ukuthawira kuti?

Wofunsa:
Moni nonse. Timamva kawirikawiri kuti banja losangalala limaima pa chikondi, chikhulupiriro ndi kukoma mtima, ndipo sindikutsutsa. Koma alipo mabanja amene mwamuna ndi mkazi amakondanadi, tsiku la mapemphero sajomba, koma m'nyumba mawu ake ndi olasa, ana amayenda monyang'ama makolo akangolowa. Inu odziwa, tandiuzeni: zinthu zitatuzi zimaoneka bwanji usiku anthu atatopa, kapena m'mawa aliyense akuthamangira zake? Ndikufuna zochita zenizeni.

Mlangizi wa mabanja:
Amayi, mwafunsa penipeni. Mabanja ambiri sagwa chifukwa chikondi chatha, amagwa ndi kakanganidwe. John Gottman, katswiri wa zamaganizo amene anafufuza maanja kwa zaka zambiri ku University of Washington, anapeza kuti m'banja lolimba, ngakhale mkangano uli mkati, pa chinthu chimodzi chopweteka pamakhala zabwino pafupifupi 5: kugwedeza mutu kuti ndamva, kumwetulira, kugwira dzanja, kuvomera kuti "apo mukunena zoona". Choopsa kuposa zonse anapeza kuti ndi kunyoza. Kutsonya, kuseka monyogodola, kuyeserera kayankhulidwe ka mnzako pamaso pa ana.

Yambani ndi kayambidwe ka nkhani, chifukwa nkhani yoyamba ndi ukali nthawi zambiri imathanso ndi ukali. Dandaulo labwino lili ndi mbali zitatu: chimene chachitika, mmene mwamvera, ndi chimene mukupempha. "Dzulo munachedwa osaimba foni, ndinada nkhawa, chonde mukaona kuti muchedwa muzitumiza uthenga." Yerekezani ndi "Inu nthawi zonse simuganizira anzanu." Mawu oyambawo akukamba za tsiku limodzi, munthu akhoza kukonza. Achiwiriwo akuweruza munthu yense, ndiye chimene angachite n'kudziteteza basi. Nkhani ikhale imodzi. Za chaka chatha zisiyeni, zikufuna tsiku lake.

Kenako dziwani nthawi yoima. Mtima ukayamba kugunda kupitirira ka 100 pa mphindi, manja akutuluka thukuta, mawu akukwera, munthu samvanso zomwe mnzake akunena ngakhale makutu ali bwino. Pamenepo pumani, mphindi zosachepera 20, pakuti thupi limafuna nthawi yotere kuti mtima ukhale m'malo. Pali zolakwika ziwiri zimene zimawononga njirayi. Choyamba, kungodzuka n'kumenyetsa chitseko osanena kanthu. Wotsalayo amamva ngati watayidwa, ndipo amakutsatirani. Nenani kuti, "Ndapsa mtima, ndibwera pakatha theka la ola tidzapitirize," ndipo mubweredi. Chachiwiri, kutha nthawi yopumayo mukusonkhanitsa zoti mukamuyankhe. Yendani, sambani, pindani zovala, chilichonse chochotsa maganizo pankhaniyo.

Za kupepesa: "Pepani ngati mwakhumudwa" si kupepesa ayi. Tchulani cholakwa chanu ndi dzina lake, "ndinakukalipirani pamaso pa ana, ndinalakwa," ndipo musawonjezerepo "koma". Mawu akuti "koma" amafufuta zonse zimene mwanena kale.

Mkulu wa mapemphero:
Ndikugwirizana ndi alangizi, ine ndikhudze za chikhulupiriro, chifukwa chimatha kusanduka chikwapu m'manja mwa munthu wosasamala. Pemphero la pabanja likhale lalifupi, mphindi 5 mpaka 10, pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Ana aang'ono sangakhale phee kwa ola lathunthu, ndipo mukawakakamiza amakula akuona pemphero ngati chilango. Apatseni mbali: wina atchule chinthu chimodzi chothokoza, wina atchule munthu wodwala woti mumukumbukire.

Chimene chimandiwawa mtima ndi kudzudzulana kudzera m'pemphero. "Ambuye, thandizani mkazi wangayu asiye ulesi," mayiyo atagwada pomwepo. Uko si kupemphera, ndi kuneneza munthu pamalo pamene sangayankhe. M'pemphero la pagulu tchulani zofooka zanu, za mnzanu mukakambirane kuchipinda. Komanso pemphero silichotsa ngongole ya kupepesa. Mukalakwira mwana kapena mnzanu, pitani kwa iyeyo kaye.

Tisiyanitsenso kukhululuka ndi kukhulupiriranso. Kukhululuka ndi kusiya kusunga chakukhosi ndi kusabwezera. Kukhulupiriranso kumabwera pang'onopang'ono, wolakwayo akamaonetsa kusintha mwezi ndi mwezi, ndipo sayenera kukakamiza kuti "si munandikhululukira kale?" Ndipo ndinene mosabisa: pamene pali kumenyedwa, kuopsezedwa kapena kuchitiridwa nkhanza kwa ana, mawu akuti "pirirani" ndi olakwika. Munthuyo achoke pangozi, auze munthu wodalirika ndi apolisi. Zokambirana zibwere moyo utatetezeka.

Mphunzitsi wa ana aang'ono:
Pa kukoma mtima ndiwonjezere za ana. Mwana aliyense apatsidwe mphindi 10 kapena 15 patsiku zake yekha, foni ili patali, iye asankhe chochita, inu osamukonza kapena kumufunsa za kusukulu. Zikuoneka zazing'ono, koma mwana amene wapatsidwa maso mwaulere sawafunanso kwambiri mwa kuvuta. Poyamikira tchulani chimene wachita: "Ndaona wamuthandiza mng'ono wako kumanga nsapato." Mawu akuti "ndiwe mwana wabwino" samuuza choti abwereze mawa.

Onaninso tulo. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12, wamkulu osachepera 7. Ukali wambiri wa m'nyumba ndi kutopa chabe, n'chifukwa chake nkhani ya ndalama kapena ya achibale isayambidwe anthu ali ndi njala kapena maso akulemera. Ndipo ana akaona mukukangana, aonenso mukugwirizana. Akangoona moto osaona mmene unazimira, amagona ndi mantha, ena amaganiza kuti olakwa ndi iwo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga ngati woyesetsa ndi mmodzi yekha, mnzakeyo alibe nazo ntchito?

Mlangizi wa mabanja:
Zimachitikadi, amayi. Woyesetsayo ayambe ndi zimene zili m'manja mwake: kayambidwe kofatsa, kupuma mtima ukakwera, ndi kuthokoza chinthu chimodzi chenicheni tsiku lililonse. Asalengeze kuti wayamba kusintha, ndipo asawerengere mnzake kuti ine ndachita izi, inu mwachita chiyani, pakuti kukoma mtima kolembedwa ngongole mnzakeyo amakumva fungo msanga. Pakapita milungu ingapo, nthawi imene onse ali bwino, apemphe chinthu chimodzi chooneka: kukhala pansi mphindi 30 pa sabata, tsiku lodziwika, kuyamba ndi zimene zayenda bwino, kenako vuto limodzi, kenako kugawana ntchito za sabata ikubwerayo mochita kutchula kuti uyu izi, uyu izi. Ngati mnzakeyo akukanabe ngakhale zimenezi, kapena kunyoza kukupitirira, afunefune mlangizi amene onse awiri angamuvomere, osati wa mbali imodzi. Akakana kupita, woyesetsayo apite yekha kaye.